Chikepe nacho chili ndi mwambo wake

Kuno ku Itepela munthu angathe kubadwa, kukula, kukwatira mpaka kumera imvi osaonako chikepe ndi maso. Nyumba zathu n'zapansi, ndipo zokwera zomwe timazidziwa bwino ndi makwerero a pankhokwe, mtengo wa mango ndi phiri basi. Koma ana athu sakukhalanso pamudzi monga kale. Chitsegulireninso njanji ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga m'chaka cha 2016, komanso chikonzereni msewu wa tala wodzera pa Mandimba, ulendo wapepuka. Achinyamata akupita kukafuna ntchito ku Nampula, ku Beira ndi ku Maputo, ena akuoloka pa Chiponde kulowera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pomwe enanso akutsetserekera ku Joni.

Ntchito zomwe amakazipeza kumeneko, monga ulonda, kukolopa m'maofesi, kuperekera makalata ndi kunyamula katundu, zambiri zimakhala m'nyumba zosanja. Choncho tsiku loyamba la ntchito, asanaonane n'komwe ndi abwana, amayamba akumana ndi chikepe. Naonso amai ndi abambo amene amaperekeza odwala ku zipatala zikuluzikulu za m'mizinda amachipeza chikuwadikira pakhonde.

Pamenepa m'pomwe ambiri amaonera zakuda. Wina, poopa kusekedwa kuti ndi wakumudzi, safunsa, koma amangokwera masitepe nsanjika 10 ndowa ili m'manja, m'mawa ndi madzulo, mpaka maondo kutupa. Wina amalimba mtima n'kulowa, koma posadziwa mwambo wake amatsekereza anzake pakhomo, n'kutchedwa wamwano pomwe kwao ndi mwana woleredwa bwino. Wina akhoza kuvulala kumene. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, tsono tiyeni tifunsiretu tikadali kuno kumudzi.

Kodi chimayenda bwanji?

Chikepe ndi kachipinda kachitsulo komwe kamakwera ndi kutsika m'mpata wautali wonga chitsime, womangidwa m'kati mwa nyumba yosanja. Zikepe zambiri zimalendewera pa zingwe zachitsulo zomwe zimadzera pa gudumu lomwe lili pamwamba, ndipo gudumulo amalizunguza ndi makina oyendera magetsi. Kumapeto ena a zingwezo kumakhala chitsulo cholemera chomwe chimatsika pamene kachipindako kakukwera, n'kumakwera pamene iko kakutsika. Aliyense amene anaonapo chitsime cha ndowa ziwiri pa chingwe chimodzi wamvetsa kale nkhaniyi.

Mantha a munthu aliyense wokwera koyamba amakhala akuti, nanga chingwe chikaduka? Mantha amenewa analiponso kwa Azungu kalelo, ndipo n'chifukwa chake poyamba zikepe zambiri zinkanyamula katundu yekha. M'chaka cha 1854, pa chionetsero china mumzinda wa New York ku America, mkulu wina dzina lake Elisha Otis anakwera pa chikepe chake anthu akuona, n'kulamula kuti chingwe achidule. Chikepecho sichinagwe, kaamba koti anali atachiikira zogwirira zomwe zinaluma njanji za m'mbali nthawi yomweyo. Pofika 1857 chikepe chonyamula anthu chinali chitayamba kuyenda m'sitolo ina mumzinda womwewo.

Zikepe za masiku ano zimakhala ndi zingwe zingapo, osati chimodzi ai. Zili ndi mabuleki omwe amagwira okha magetsi akazima, komanso chipangizo china chomwe chimachiimitsa chikayamba kuthamanga mopyola muyeso. Kunjenjemera kwa m'mimba komwe munthu amamva chikamanyamuka kapena kuima n'kwachibadwa, ndipo kumatha m'masiku ochepa.

Anzathu olankhula Chishona ku Zimbabwe akati chikepe amatanthauza bwato kapena sitima ya pamadzi. Mau amenewa akutithandiza, pakuti amene anaolokapo Lugenda madzi atadzadza, kapena kuyenda pa nyanja ya Amaramba, akudziwa kuti m'bwato muli malamulo. Sulowa anzako asanatsike, sukangana ndi mwini nkhafi pa za kuchuluka kwa katundu, ndipo bwato likagwedezeka sudzambatuka. Malamulo atatu omwewa ndiwo mutu wa mwambo wa m'chikepe.

Oyamba kukwera anali a ku migodi

Tisaganize kuti chikepe n'chachilendo kotheratu kwa ife. Anthu a mbali zino amene anayamba kuchikwera tsiku ndi tsiku popita ku ntchito ndi agogo athu amene ankagwira m'migodi ya golide ku South Africa. Bungwe la Wenela, lomwe pambuyo pake linadzatchedwa TEBA, linkalemba amuna ku Malawi ndi kumwera kwa Mozambique, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. M'midzi ya m'malire muno, komwe maukwati ndi maliro sizisamala za mpaka, ndi mabanja ochepa amene sanamvepo nkhani za ku Joni.

Chikepe cha kumgodi sichifanana ndi cha muofesi. N'chikhola chachitsulo chosanjikiza kawiri kapena katatu, ndipo zina zimanyamula anthu oposa 100 nthawi imodzi, n'kumatsika mumdima pa liwiro la galimoto pamsewu. Mgodi wa Mponeng, pafupi ndi Carletonville, ndi wozama pafupifupi makilomita 4, mtunda womwe munthu angayende pafupifupi ola lathunthu pamalo osalala.

Kumeneko mwambo sukhala wongosangalatsa maso. Woyendetsa makina amakhala m'chipinda chake pamwamba ndipo chikepecho sachiona, amangomvera belu. Pachipata cha pamwamba pamaima munthu mmodzi, pa zipata za pansi pamaimanso wina, ndipo okhawo ndiwo amaloledwa kuwerenga anthu, kutseka chipata ndi kuliza belu loti chinyamuke. Wina aliyense, ngakhale atatopa chotani, amaima pamzere kudikira.

Ngozi zomwe zinachitika kumeneko zimasonyeza chifukwa chake. Pa 10 May 1995, pa mgodi wa Vaal Reefs pafupi ndi Orkney, kasitima kokoka ngolo pansi pa nthaka kanagwera mumpata wa chikepe n'kuphwanya chikepe chomwe munali anthu ogwira ntchito mumgodimo. Anthu 104 anafa tsiku limenelo. Chaka chotsatira, 1996, dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo ndi chitetezo m'migodi, lomwe mwa zina limapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo omwe akuona kuti ndi oopsa. Pa 27 November 2023, pa mgodi wa Impala Platinum ku Rustenburg, chikepe chomwe chimakweza anthu 86 chinatsika mwadzidzidzi, ndipo anthu 13 anataya miyoyo.

Panalinso chowawa china. M'masiku a tsankho, Azungu ndiwo ankayamba kukwezedwa ntchito ikatha, anthu akuda n'kumadikira pansi nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. M'mizinda namo nyumba zambiri zinali ndi chikepe cha Azungu okha, pomwe munthu wakuda ankakwera chonyamulira katundu. Lamulo lolekanitsa mitundu pa malo otere linakhazikitsidwa mu 1953 ndipo linathetsedwa mu 1990. Mwana wa kuno akamaima m'chikepe chimodzi ndi mkulu wa kampani lero, adziwe kuti ndi ufulu womwe agogo ake analibe, ndipo asachite nao manyazi.

Pakhomo pa chikepe

Tsono tibwerere ku chikepe cha muofesi ndi cha kuchipatala. Pakhoma, pambali pa chitseko, pamakhala mabatani awiri, lina la kamuvi koloza kumwamba, lina koloza pansi. Dinani la komwe inu mukupita. Ambiri amalakwitsa apa: ali pansi, akufuna kukwera, koma amadina loloza pansi poganiza kuti akuchiitana kuti chitsike. Enanso amadina onse awiri, zomwe zimaimitsa chikepe pachabe n'kuchedwetsa anthu ena. Batani likayaka ndiye kuti chamva, ndipo kulidina kakhumi sikuchifulumizitsa.

Podikira, imani pambali pa chitseko, osati kutsogolo kwake. Chikatseguka, otuluka ndiwo amayamba. Lamulo limeneli silisankha nkhope: ngakhale wodikira akhale mfumu kapena mkulu wa ofesi, wotuluka akhale mwana, wotulukayo ayambe wadutsa. Zomwe timaona sitima ikafika pa siteshoni, pomwe ena amakankhana pakhomo ena akuponya matumba pazenera, m'chikepe sizitheka, pakuti khomo n'limodzi ndipo n'lopapatiza.

Musanaponde m'kati, yang'anani pansi. Onetsetsani kuti kachipindako kafikadi ndipo kalingana ndi pomwe mwaima. Zikepe zakale nthawi zina zimaima chokwera kapena chotsika pang'ono, ndipo anthu amapunthwa. Ngati chitseko chatseguka koma m'kati mukuoneka mdima wokhawokha, bwererani m'mbuyo ndipo itanani mlonda.

Otuluka akatha, apa ndiye ulemu wa kwathu umagwira ntchito. Ayambe kulowa ndi wodwala, woyenda pa chikuku kapena ndi ndodo, mai woyembekezera, wobereka mwana ndi okalamba, kenaka ena onse malinga ndi m'mene anafikira. Wolowa poyamba apite kumbuyo kapena m'mbali kuti anzake apeze malo.

Manambala ndi zilembo

M'kati mupeza mabatani a manambala. Chosokoneza n'chakuti nsanjika ya pansi, yolingana ndi msewu, siiwerengedwa kuti 1. M'nyumba za ku Mozambique amailemba R/C kapena 0, pomwe ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa kawirikawiri amailemba G. Nambala 1 ndi nsanjika yoyamba mukakwera. Mukaona -1 kapena B, dziwani kuti ndi zipinda za pansi pa nthaka, komwe nthawi zambiri amaimikako galimoto.

Pali mabatani enanso atatu ofunika kuwadziwa. La timivi tiwiri tofulatirana n'lotsegulira chitseko, la timivi toyang'anizana n'lotsekera, ndipo lojambulidwa belu n'loitanira thandizo. Timadontho totumphuka tomwe mungaone pa mabatani ena ndi zilembo zowerengera anthu osaona.

Amene waima pafupi ndi mabatani ali ngati wogwira nkhafi. Ndi udindo wake kufunsa anzake kuti, "Mukutsikira pati?" n'kuwadinira, komanso kugwira batani lotsegulira pamene agogo kapena wodwala akulowa. Ngati muli kutali ndi mabatani, musatambasule mkono pamwamba pa mapewa a anthu. Ingonenani kuti, "Pepani, tandidinirani 4." Wosadziwa kuwerenga asabise, auze aliyense komwe akupita. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, chifukwa ngakhale ophunzira amasokera m'nyumba yachilendo.

Mukaona wina akuthamangira chikepe chitseko chikutsekeka, mumudikire podina batani lotsegulira. Musaike dzanja, phazi kapena chikwama pakati pa zitseko. N'zoona kuti zitseko zambiri zimabwerera zokha zikakhudza chinthu, koma makina amafa, ndipo simungadziwe tsiku lomwe afera.

Pomwe ulemu wa kumudzi umapindika

Kwathu kuno moni sathamangira. Timafunsana za kunyumba, za ana, za odwala, za mvula ndi za kumunda, mwina titakhala pansi. Mwana wamkazi amagwada, wamwamuna amavula chipewa n'kunjuta. Zonsezi n'zabwino, koma ulendo wa m'chikepe sukwana ndi mphindi imodzi yomwe. Moni wake ndi wachidule: "Mwadzuka bwanji," "Mwaswera bwanji," kapena Bom dia ndi Boa tarde kwa a Chipwitikizi, n'kuweramitsa mutu pang'ono. Kugwada pakhomo pa chikepe kapena m'kati mwake n'kodziika pa ngozi, ndipo kumatsekereza ena. Mukakumana ndi mbale wa kumudzi amene simunaonane naye zaka, tulukani nonse mukacheze pakhonde, osati wina m'kati wina kunja mutagwira chitseko.

Mukalowa, tembenukani muyang'ane kuchitseko monga achitira onse. Mudzaona kuti anthu amangoti zii, maso ali pa manambala. Musaganize kuti akukudani kapena kuti kwagwa zovuta. Anthu osadziwana akathinana pamalo ochepa chotere, kukhala chete ndi kusayang'anitsitsana ndiyo njira yao yopatsirana ulemu.

Potuluka m'pomwe ambiri oleredwa bwino amakodwa. Mwambo wathu umati wamkulu atsogole, tsono mnyamata amene ali pakhomo amaima chilili kudikira kuti abwana amene ali kumbuyo ayambe kutuluka, osadziwa kuti iyeyo ndiye watseka njira. Chikepe chikadzadza, amene ali pafupi ndi khomo ndiye amayamba kutuluka. Ngati simunafike potsikira panu koma wa kumbuyo akufuna kutuluka, tulukani kaye muime pambali, iye akadutsa mulowenso. Amene ali kumbuyo anene msanga kuti, "Zikomo, nditsike nao," kapena Com licença, m'malo mokankha ndi chigongono.

Chikepe sichisankha udindo. Wokolopa angathe kukwera pamodzi ndi mkulu wa kampani, ndipo palibe chifukwa chothawira mukaona kuti muli abwana. Apatseni moni, muime bwino. Koma musayese kuti mwapeza mwai wopempha ngongole, tchuthi kapena ntchito ya mphwanu. Nkhani zotere zili ndi malo ake ku ofesi, ndipo kuzitulutsa pamaso pa anthu kumachititsa manyazi mbali zonse ziwiri. Naonso abwana aulemu sakalipira wantchito m'chikepe.

Pakamwa napo pafunika chipata. Simudziwa amene waima kumbuyo kwanu. Nkhani za malipiro, za amene wachotsedwa ntchito, za ndalama zomwe mwatumidwa kukasiya ku banki, zidikire. Kuchipatala n'koposa: musatchule dzina la wodwala ndi matenda ake, pakuti mwina mkazi wake kapena mlamu wake ali momwemo. Musadalire chinenero poganiza kuti Chinyanja, Chiyao kapena Chimakuwa sachimva kumeneko. Anthu a kwathu ali ponseponse. Foni ikalira, yankhani motsitsa mau kuti muimbanso.

Kuthinana kusakhale chifukwa chochitira chipongwe. Mwamuna asiye mpata pakati pa iye ndi mai amene waima naye pafupi, manja akhale poonekera. Mai kapena mtsikana amene sakumasuka kukwera yekha ndi mwamuna wosamudziwa, makamaka usiku, ali ndi ufulu wodikira ulendo wina, ndipo mwamuna wanzeru sakhumudwa nazo. Chikwama cha kumsana chivuleni muchigwire kutsogolo. Fodya sasuta m'chikepe, chakudya sadyeramo, ndipo wa chifuwa atseke pakamwa ndi kansalu, pakuti mpweya womwe mukupuma ndi umodzi. Amai obereka ana asamale mutu wa mwana polowa ndi potuluka, akwinye nsonga ya chitenje kuti isapanidwe ndi chitseko, ndipo ana oyenda okha awagwire padzanja, zala zao zitalikire zitseko.

Malo a mmodzi palibe

Tonse tikuidziwa nyimbo ya pa chapa ndi pa minibasi, yakuti sunthani pang'ono, malo a mmodzi alipo. M'chikepe mulibe kondakitala woti munyengerere. Pakhoma pamakhala kachitsulo kolembedwa kulemera komwe chingathe kunyamula ndi chiwerengero cha anthu. Chambiri chimalembedwa makilogalamu 630, anthu 8, pomwe chokulirapo ndi makilogalamu 1,000, anthu 13. Amawerengera kuti munthu mmodzi ndi makilogalamu 75. Tikati tiyerekeze ndi za kwathu, makilogalamu 630 ndi matumba 12 a chimanga a makilogalamu 50 ndi kachigawo pamwamba. Choncho munthu amene walowa ndi matumba awiri a simenti adziwe kuti watenga malo a anthu oposa awiri.

Zikepe zambiri zikalemedwa zimalira kapena kuyatsa nyali yofiira n'kukana kunyamuka. Zikatero, amene walowa pomaliza ndiye amatuluka, popanda kuyang'anana kapena kufunsana kuti wamkulu ndani. Wachinyamata angathe kudzipereka kutuluka m'malo mwa okalamba, ndipo umenewo ndi ulemu woyamikika. Amene ali ndi miyendo yabwino ndipo akungopita nsanjika imodzi kapena ziwiri, angachite bwino kudzera pa masitepe nthawi yomwe anthu achuluka, monga m'mawa polowa ntchito ndi madzulo poweruka.

Kwa okolopa, alonda ndi onyamula katundu

Popeza ana athu ambiri ntchito zao ndi zimenezi, mau awa ndi ao. M'nyumba zina muli chikepe chapadera chonyamulira katundu, zinyalala ndi ndowa. Mukauzidwa kuti mukanyamula zotere muzidzera kumeneko, nkhani ndi katunduyo, osati inu. Mukakhala chimanjamanja mungathe kukwera chomwe akwera ena onse, pokhapokha ngati malamulo a pantchitopo anena zina.

Pokolopa m'chikepe, finyani bwino chokolopera. Madzi akatsikira pa kampata ka pakhomo amakafika ku mawaya ndi makina. Musasesere zinyalala m'kampata kameneko, ndiponso chotsani timiyala ndi zitsekerero za mabotolo m'kanjira komwe chitseko chimayendamo, chifukwa kanthu kakang'ono kotere kangathe kuimitsa chikepe tsiku lonse. Kutchinga chitseko ndi ndowa kapena mpando kuti chikudikireni kumaononga makina ndipo kumazunza anthu a m'nsanjika zina amene akudikira. Wopakira katundu wambiri apemphe woyang'anira nyumbayo kuti amuimikire chikepe ndi kiyi.

Kuchipatala lamulo n'limodzi: bedi la wodwala, machira ndi anamwino othamangira ntchito ndiwo oyamba. Mukaona akubwera, tulukani ngakhale munalowa kale. Wodikirira wodwala amene wanyamula mapoto ndi mitolo adikire ulendo wina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mlonda ayenera kudziwa pomwe palembedwa nambala ya foni ya amisiri a chikepe, ndipo akaona kuti chikugwedezeka, chikulira modabwitsa kapena chikuima mosalingana ndi pansi, anene msanga kwa oyang'anira. Kunena za vuto lotere si kudandaula kapena kuneneza munthu.

Chikaima panjira

Kuzima kwa magetsi si nkhani yachilendo m'maiko athu ano, ndipo amene amakwera chikepe tsiku ndi tsiku, tsiku lina chidzamuimira pakati pa nsanjika ziwiri. Choyamba kudziwa n'chakuti sichikugwa, mabuleki achigwira. Chachiwiri, mpweya sutha, pakuti kachipindako kali ndi mipata yolowera mpweya. Dinani batani la belu, lankhulani ndi amene ayankhe, kapena imbani nambala yolembedwa pakhoma. Ngati foni siikugwira, gogodani chitseko ndi kuitana. Kenaka dikirani. Nyumba zina zili ndi jenereta yomwe imayaka yokha pakapita kanthawi.

Choopsa chachikulu ndi kuyesa kudzipulumutsa nokha. Anthu amakanula chitseko, n'kuona kampata, n'kuyamba kukwawa kuti atuluke. Magetsi akabwera nthawi imeneyo chikepe chimanyamuka munthu ali pakati, ndipo wina amaterereka n'kugwera m'dzenje lomwe lili pansi pake. Naye mlonda kapena mnzanu wa kunja asayese kukanula ndi chitsulo. Ntchito imeneyo ndi ya amisiri a chikepe ndi ozimitsa moto.

Apanso a ku migodi akutiphunzitsa. Kumayambiriro kwa February 2018, mphepo ya mkuntho itagwetsa nsanja za magetsi, anthu 955 anatsekeredwa pansi pa mgodi wa Beatrix m'chigawo cha Free State ku South Africa chifukwa zikepe sizikanatha kuyenda. Anadikira koposa tsiku lathunthu akulandira madzi ndi chakudya, ndipo magetsi atabwerera onse anatuluka amoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati m'chikepe choima muli wina amene wagwidwa ndi mantha, mulankhuleni mofatsa, mumupatse malo oti akhale pansi, osati kumuseka.

Pali nthawi imodzi yomwe chikepe sakwera n'komwe: nyumba ikagwira moto. Magetsi angathe kuzima muli m'kati, ndipo mpata womwe chimayendamo umakoka utsi ngati chumuni. Belu la moto likalira, tsikirani pa masitepe. N'chifukwa chake munthu wanzeru, tsiku loyamba pa ntchito, amafunsa kuti amuonetse komwe kuli masitepe ngakhale chikepe chikuyenda bwinobwino.

Makolo, mwana akamanyamuka ulendo wa kutauni timamukhazika pansi n'kumulangiza za mowa, za anzake oipa, za kusunga ndalama ndi za kukumbukira kumudzi. Pa malangizowo tionjezepo awa: otuluka ayambe, moni ukhale wachidule, chikalira kuti chalemedwa tuluka, chikaima dikira, moto ukabuka dzera pa masitepe. Ndipo ngati m'mudzi mwanu mukadali agogo amene anatsikako pansi pa nthaka ku Joni, mwanayo apite akawatsanzike, amufotokozere okha m'mene ankaimira pamzere kudikira belu.